CHIPEMBELE WA KU SHIWA NG'ANDU NDI MAMENDULO AKE

Caka ciliconse m'mwezi wa November, pa tsiku la Sondo loyandikana ndi pa 11, asilikali amasonkhana pa cipilala ca cikumbutso cimene cili mu msewu wa Independence Avenue, pafupi ndi Cabinet Office muno mu Lusaka. Lipenga limalira, akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa, abusa amapemphera, ndipo ife amene tacokera ku mapemphero a m'mawa timaima capatali kupenyerera. Cimene cimakopa maso a ana ndi mamendulo. Dzuwa likawomba pa zifuwa za akuluakulu a nkhondo kumakhala kung'anima kokhakokha, ndipo mwana akafunsa kuti kodi abambo aja anacita ciani kuti alandire zitsulo zonsezo, ambiri a ife timasowa coyankha.

Sitikunyoza asilikali athu ai. Pakati pawo alipo amene anaika moyo pa ngozi ku Rwanda, ku Sierra Leone ndi ku Central African Republic pa nchito yosungitsa mtendere. Koma funso la mwana lija ndi loona, ndipo lafika pa nthawi imene mamendulo aculuka kwambiri m'maiko onse kotero kuti anthu analeka kufunsa tanthauzo lake. Tsono lero tiyeni tikumbutsane moyo wa munthu amene anagwira nchito zaka 16 pa malo omwewo pamene pali cipilala cija, munthu amene analandira ulemu katatu kucokera m'manja osiyana. Azungu anzawo ankawadziwa kuti Sir Stewart Gore-Browne. Ababemba anawapatsa dzina lakuti Chipembele, ndiye kuti cipembere, cifukwa ca ukali wawo.

A Gore-Browne anabadwira mu mzinda wa London pa 3 May 1883, m'banja la anthu opeza bwino. Atate awo anali loya wodziwika pa milandu ya makampani, ndipo agogo awo aamuna anakhalapo bwanamkubwa wa New Zealand. Munthu amene anawakonda ndi kuwasamala kuposa onse anali azakhali awo, a Ethel Locke King, amene pamodzi ndi amuna awo anamanga bwalo la mpikisano wa magalimoto la Brooklands. Dzina la mayi ameneyu tilisunge, cifukwa ndalama zambiri zimene zinadzamanga Shiwa Ng'andu zinacokera m'thumba mwawo. Atatsiriza maphunziro pa sukulu ya Harrow, mnyamatayo analowa sukulu ya usilikali ya Woolwich, natuluka ali ofisala wa gulu la mizinga.

Dziko lino analiponda mu 1911, pamene boma la Britain linawatuma pamodzi ndi anzawo kudzadula malire pakati pa Northern Rhodesia ndi Congo. Zaka zitatu anakhala akuyenda m'thengo ndi zipangizo zopimira, amtengatenga ali patsogolo ndi pambuyo. Nchito itatha mu 1914, ali pa ulendo wobwerera kwawo, anafika pa kanyanja ka Shiwa Ng'andu, pakati pa Mpika ndi Chinsali, ndipo mtima wawo unagwa pomwepo. Anagula maekala 10,000 pa mtengo wa masheleni awiri pa ekala. Alimi anzathu amene mwayendera pepala la munda wanu zaka ndi zaka, imvani mtengo umenewo. Ndipo wogulitsa sanali eni nthaka, koma kampani ya British South Africa Company imene inkalamulira dziko masiku amenewo.

Asanaumbe ngakhale njerwa imodzi, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka mu August 1914. A Gore-Browne anabwerera ku gulu lawo la mizinga natumizidwa ku France, kumene anyamata mamiliyoni anathera m'maenje a matope. Anakwera pa udindo mpaka kufika pa Lieutenant-Colonel, ndipo mu 1917 analandira mendulo yawo yoyamba yaikulu, Distinguished Service Order, imene mwacidule amati DSO. Kucokera pamenepo zilembo zitatuzo zinkatsatira dzina lawo pa kalata iliyonse ya boma.

Mendulo imeneyi ili ndi mbiri yake, ndipo apa ndi pofunika kuimapo pang'ono. Inakhazikitsidwa mu 1886, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo inali ya maofisala okhaokha. Msilikali wamba, kaya alimbe mtima cotani, sakanailandira, ndipo lamulo limeneli linasintha mu 1993. Poyamba inali yosowa. Pa nkhondo ya Mabunu ku South Africa analandira anthu opitirira pang'ono 1,000. Koma pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anagawa pafupifupi 9,000. Coipa kwambiri cinali cakuti m'zaka zoyamba za nkhondoyo ena mwa olandira anali maofisala a m'maofesi, okhala kutali ndi kumene zipolopolo zinali kugwa, amene nchito yawo inali kulemba makalata ndi kuyang'ana mapu. Amene anali kugona m'matope anang'ung'udza mpaka akuluakulu anamva, ndipo kuyambira pa 1 January 1917 panatuluka lamulo lakuti mendulo imeneyi izipatsidwa kwa okhawo amene anagwira nchito yawo adani akuwombera. Sitikunena kuti a Gore-Browne sanayenere kulandira. Nkhondo anaimenya. Koma anavala mendulo imene eni ake omwe anali atayamba kale kuikayikira.

Ku mbali ya Majeremani zinafika poseketsa. Mtanda wawo wacitsulo, Iron Cross, unali cinthu cimene agogo ankasiyira adzukulu monga cuma ca banja. Pa nkhondo imodzi yomweyi anagawa yopitirira 5 miliyoni. Nawonso a Britain anapanga mamendulo atsopano nkhondo ili mkati, Military Cross mu 1914 ndi Military Medal mu 1916, ndipo itatha anasula ina ya siliva yoposa 6 miliyoni yopatsa aliyense amene anapitako.

Cifukwa cake si cobisika. Nkhondo ikatalika, maliro akaculuka, boma limafuna cotonthoza naco anthu, ndipo kacitsulo ndi kansalu n'zochipa kuposa malipiro abwino kapena penshoni ya mayi wamasiye. Koma alimi tikudziwa cimene cimacitika pa msika wa Soweto matimati akapsa m'madimba onse nthawi imodzi. Bokosi limene dzulo linali ndalama, lero ogula amangolidutsa, mawa latayidwa ku dzala. Ndipo amene tinagwirako ngwee m'zaka zoyamba za kwacha, imene inabwera mu 1968, tinaiona ikusanduka coseweretsa ana, mpaka mu 2013 boma linacita kucotsa maziro atatu pa ndalama yathu. Mendulo imayenda njira yomweyo. Imene yapatsidwa mosayenera imacepetsa mtengo wa zinzake zonse, kuphatikizapo ya uja anataya mwendo.

Pamene ku Ulaya anali kugawana mamendulo motero, kuno kwathu nkhondo yomweyo inali pa mitu ya makolo athu. Asilikali a Britain anali kumenyana ndi Majeremani ca ku malire a Tanganyika, ndipo kucokera pa njanji mpaka ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, kunalibe msewu wa galimoto wodalirika. Ufa, zipolopolo ndi mankhwala zinayenda pa mitu ya amtengatenga zikwi ndi zikwi, munthu aliyense atasenza katundu wolemera ngati theka la thumba la cimanga, ndipo zina zinayenda m'mabwato kudzera m'madambo a Bangweulu. Amuna anatengedwa m'midzi mokakamiza, minda inagonera, njala inatsatira. Mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anamva kuti nkhondo yatha ali pa mtsinje wa Chambeshi, nakapereka zida ku Abercorn pa 25 November 1918. Ku Mbala kuli cipilala cokumbukira amtengatenga 1,467 a dziko lino amene anafa pa nchitoyo. Cili ndi nambala, maina palibe. Ambiri mwa amene anabwerera amoyo sanalandire ngakhale kacitsulo kamodzi. Panatenga zaka zoposa 100 kuti boma la Britain lipepese, mu 2021, cifukwa cosalemba maina a anthu akuda amene anafera nkhondo yawo.

Tisanacoke pa zilembo za DSO, tikumbuke munthu wina amene anazilemba pambuyo pa dzina lake. Idi Amin, amene analanda boma la Uganda mu 1971, anadzipatsa yekha DSO ndi MC, naonjezera VC ndi CBE zimene anazipatsa matanthauzo akeake, mpaka jekete inalemera ndi zitsulo. Ankanena kuti anamenya nkhondo ku Burma, pamene mabuku a usilikali aonetsa kuti analembedwa nchito mu 1946, nkhondoyo itatha kale. Akhristu sitidzaiwala kuti ndi mu ulamuliro wake m'mene Akibishopu Janani Luwum anaphedwa mu February 1977. A Kenneth Kaunda anakana kupita ku msonkhano wa atsogoleri a Africa umene unacitikira ku Kampala mu 1975, ndipo a Milton Obote, amene Amin anawalanda mpando, anadzakhala zaka 20 zotsiriza za moyo wawo muno mu Lusaka. Zilembo zimene anyamata anafera ku France zinathera pa cifuwa cotero.

Tibwerere kwa a Gore-Browne. Mu 1920 anavula yunifomu nabwerera ku Shiwa Ng'andu kukayamba ulimi. Njanji inali pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 400, motero ciliconse anayenera kupanga pomwepo: njerwa, matailosi, matabwa, milatho ndi msewu. Anaphunzitsa anthu a m'midzi umisiri wa matabwa, wa zitsulo ndi wa zomangamanga, ndipo pang'ono ndi pang'ono panaimirira nyumba yaikulu yosanja yokhala ndi nsanja ndi kacalici kake, pamodzi ndi sukulu, cipatala ndi nyumba za njerwa za anchito. Madzulo aliwonse mwini nyumba ankavala suti yakuda ndi galasi la diso limodzi, nakhala pa tebulo monga ali ku London, ngakhale pamene panalibe mlendo.

Ulimi wokha sunawakomere. Nthaka ya kumeneko ndi yowawasa, ndipo msika unali kutali kotero kuti cimanga cikanathera mtengo wake pa njira. Anaganiza zolima mbewu zotulutsa mafuta onunkhira, popeza botolo laling'ono limanyamulika ndipo limagulidwa bwino ku Ulaya. Anayesa maluwa ndi zitsamba zosiyanasiyana, zambiri zinakana. Zimene zinavomera ndi mitengo ya mandimu ndi malalanje, ndipo kwa zaka zingapo munda unabweza ndalama, mpaka m'zaka za m'ma 1950 matenda anagwira mitengoyo n'kuiumitsa. Azakhali aja akanapanda kutumiza ndalama, Shiwa ikanagwa kalekale. Ukwati wawo nawonso unali ndi zake. Mu 1927, ali ndi zaka 44, anakwatira mtsikana wa zaka 19, Lorna Goldman. Anabereka ana aakazi awiri, koma banja linatha mu 1950.

Tisabise, dzina la Chipembele silinali lowatamanda cabe. Cipembere cikakwiya cimathamangira ciliconse cili patsogolo pake, ndipo bwana wa ku Shiwa anali wotero. Wanchito akalakwitsa ankamenyedwa, nthawi zina pa cifukwa cacing'ono. Munthu yemweyo m'mawa mwake ankalipirira mwana wa wanchitoyo sukulu. Anthu otere tikuwadziwa ngakhale m'mipingo mwathu, amene dzanja limodzi limapatsa pamene lina likukwapula, ndipo si kwapafupi kuwaweruza. Cimene tinganene n'cakuti munthu ameneyu sanafe ali m'mene analili pobwera.

Mu 1935, caka cimene likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka, a Gore-Browne anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya atsamunda, imene inkakumana ku Secretariat, kumene lero kuli Cabinet Office. Mu 1938 bwanamkubwa anawaika kuti akhale woimira anthu akuda, popeza munthu wakuda sankaloledwa kukhalamo. Acinyamata a lero zimenezi angazione ngati nthano. Lusaka wa masiku amenewo anali wogawika. Ku Ridgeway, ndipo pambuyo pake ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kunali kwa azungu, ndipo wakuda ankalowako ngati kuki kapena wa m'dimba. Anchito ankakhala ku Kabwata m'tinyumba tozungulira tofolera udzu, tina mwa ito tikali ciimire mu Burma Road pamene lero amagulitsa ziboliboli. M'masitolo ena a mu Cairo Road munthu wakuda ankagulira pa kawindo ka kumbali, nyama atamusankhira kale.

Nchito yoimira anthu akuda a Gore-Browne anaigwira ndi mtima wonse, mosiyana ndi m'mene boma linkayembekezera. Ankayenda m'maboma ndi m'makomboni a ku migodi kumva madandaulo a aphunzitsi, makalaliki, mafumu ndi anchito, nabwera nawo ku Lusaka. Ankaitana anthu akuda kudzadya nawo pa tebulo limodzi, cinthu cimene azungu ambiri ankaciona ngati misala. Anathandiza mphunzitsi wacinyamata Harry Mwaanga Nkumbula kupita ku Makerere kukapitiriza maphunziro. Analimbikira kuti pakhale bungwe la African Representative Council, limene linayamba mu 1946, ndipo mu 1948 anthu akuda awiri oyamba, a Nelson Nalumango ndi abusa a Henry Kasokolo, analowa m'Nyumba ya Malamulo. Pa nkhondo yaciwiri anayang'aniranso misasa ya anthu othawa kwawo ocokera ku Poland, imene inali ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa, ku Abercorn ndi ku Fort Jameson.

Ulemu waciwiri unabwera mu 1945, pamene Mfumu George VI inawapatsa dzina lakuti Sir. Imeneyo ndiyo nthawi imene anyamata athu anayamba kubwerako ku nkhondo. Anthu akuda a dziko lino pafupifupi 15,000 anavala yunifomu pa nkhondo yaciwiri, ambiri m'gulu la Northern Rhodesia Regiment. Kumene anamenya tikukudziwa ngakhale osatsegula buku, cifukwa maina ake timawachula tsiku ndi tsiku. Tug Argan ku Ndola ndi dzina la malo a ku Somaliland kumene anamenya mu August 1940. Gondar ku Chipata ndi mzinda wa ku Ethiopia umene unagwa mu November 1941. Chindwin ku Kabwe ndi mtsinje wa ku Burma, Arakan pafupi ndi State House ndi dera la ku Burma komweko. Kondakitala wa minibasi akamaitanira anthu a mu Burma Road, sadziwa kuti akuchula kumene agogo ake anadwalira malungo m'nkhalango, mvula ikugwa usana ndi usiku.

Anyamata amenewa mamendulo analandira, ndipo ambiri. Wina ankabwera ndi zinai kapena zisanu: nyenyezi ya 1939 mpaka 1945, nyenyezi ya Africa, nyenyezi ya Burma ndi zina zozungulira. Koma taonani kusiyana kwake. Mamendulo a nkhondo yoyamba ankadindidwa dzina ndi nambala ya mwini wake. A nkhondo yaciwiri anaculuka kwambiri kotero kuti boma la Britain linawatulutsa opanda maina, ndipo ikatayika kapena kubedwa palibe akanadziwa kuti inali ya yani. Pa ndalama ndiye panaonekera maganizo eni-eni a boma. M'magulu a nkhondo a kum'mawa kwa Africa, msilikali wamba wacizungu ankapatsidwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira monga ndalama yotsazikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankapatsidwa masheleni atatu ndi theka. Nyenyezi pa cifuwa zinali zofanana. Ambiri a ife tinakula tikuona madala otere m'midzi ya ku Chipata, ku Petauke ndi ku Katete, mamendulo ali m'kacitini pamodzi ndi singano ndi makadi a ubatizo, mwini wake akulima ndi khasu lakutha. Ndipo msilikali wa ku Burma akabwera mu Cairo Road ankagulirabe pa kawindo.

Dzina la Sir silinawateteze a Gore-Browne pamene anaphonya. Mu 1948 anagwirizana ndi a Roy Welensky, mtsogoleri wa azungu a kuno, kupempha kuti mphamvu zambiri za boma zicoke ku London zibwere m'manja mwa aphungu a m'dziko muno. Iwo ankakhulupirira kuti m'makonzedwe awo anthu akuda adzatetezedwa. Koma anthu akuda anaona msanga kuti aphungu a m'dziko muno ndiye kuti azungu, ndipo anawakana poyera. Munthu amene anawalankhulira zaka khumi anamuona ngati wawagulitsa. Zinawapweteka kwambiri, ndipo mu 1951 anatula pansi udindo nabwerera ku Shiwa. Ife tiona kuti anthu analondola. Woimira anzake, kaya akhale wa mtima wabwino cotani, sayenera kupangana za tsogolo lawo iwo osafunsidwa.

Ambiri pa msinkhu umenewo akanakhala pa khonde n'kumadandaula za kusayamika kwa anthu. Iwo anacita zina. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba mu 1953, anaona kuti cimene anthu akuda ankaopa cija cinali coona, ndipo anayamba kunena poyera kuti dziko liyenera kulamulidwa ndi eni ake oculuka. Anapalana ubwenzi ndi a Kenneth Kaunda, mwana wa ku Lubwa ku Chinsali, pafupi ndi kwawo, amene kuyambira mu 1960 ankatsogolera cipani ca UNIP ali m'kanyumba nambala 394 ku Chilenje. Msilikali wakale wa Mfumu, wa DSO ndi Sir, analowa cipani cimene azungu anzake ankaciyesa ca zigawenga, pa nthawi imene milatho ndi masukulu zinali kupsa ku Northern Province mu 1961. Mabwenzi ambiri a zaka makumi anawafulatira.

Pa cisankho ca October 1962 anaima pa tikiti ya UNIP ali ndi zaka 79. Malamulo a cisankho cimeneco anali okhotakhota: pa mipando ina munthu anayenera kupeza gawo la mavoti a anthu akuda ndi gawo la mavoti a azungu kuti apambane. Anthu akuda, omwe aja anawakana mu 1948, anawavotera mwaunyinji. Azungu anawamana, ndipo mpando sanaupeze. Komabe ufulu anauona ndi maso awo pa 24 October 1964, ndipo anakhala nzika ya dziko latsopano la Zambia.

Ulemu wacitatu unabwera mu 1966, pamene Pulezidenti Kaunda anawaveka mendulo ya Order of the Companion of Freedom, ulemu wa omenyera ufulu. Pa zitatu zonse, iyi ndiyo imene ife tiiona yolemera. Yoyamba anailandira pakati pa anthu 9,000. Yaciwiri inali ya mtundu umene boma la atsamunda linkapatsa akuluakulu ake akatumikira zaka zokwanira. Yacitatuyi inacokera kwa anthu amene kale ankawamenya, amene anawakanapo, ndipo amene analibe cifukwa ciliconse cokondweretsera mzungu wokalamba wopanda mpando, wopanda cuma. Dziko linali ndi zaka ziwiri cabe, mamendulo ake anali asanaculuke, ndipo aliyense woona mwambowo akanatha kunena cimene munthuyo anataya kuti afike pamenepo.

Mwambo umenewu ukalipo. Pa 25 May ndi pa 24 October timaonera pa wailesi ya kanema anthu akuitanidwa mmodzi-mmodzi ku State House kukavekedwa. Pakati pawo timaona anthu amene mtima umavomera: anamwino amene anatha moyo wawo m'zipatala za kumidzi, asisitere, aphunzitsi, munthu wamba amene analowa m'madzi kupulumutsa ana. Koma timaonanso ena amene cacikulu cimene anacita ndi kukhala pa udindo, kapena kukhala pafupi ndi cipani cimene cili m'boma caka cimeneco, ndipo boma likasintha mndandanda nawonso umasintha nkhope. Ena oyenera amakumbukiridwa atagona kale ku Leopards Hill, mendulo n'kulandira mdzukulu. Nako ku usilikali, m'maiko ambiri tsopano kuli mendulo ya kutha zaka zakuti pa nchito, ya tsiku la cikondwerero, ya kupezeka pa malo akuti. Asilikali a America atalowa pa kacisumbu ka Grenada mu 1983, gulu lawo la pamtunda linagawa mamendulo oposa 8,000, pamene amene anapondako anali pafupifupi 7,000. Pempho lathu kwa amene amakonza mindandanda ya kuno ndi lakuti dzina lililonse lizibwera ndi nchito yake yolembedwa momveka, m'zinenero zathu, kuti mlimi wa ku Chongwe ndi mayi wa ku Chelstone athe kuweruza okha, ndiponso kuti caka cimene oyenera ali asanu, aitanidwe asanu.

A Gore-Browne mendulo yawo yotsiriza sanaivale nthawi yaitali. Anamwalira m'cipatala ca ku Kasama pa 4 August 1967, ali ndi zaka 84. Boma linalamula kuti maliro awo akhale a boma, cinthu cimene cinali cisanacitikepo kwa mzungu m'dziko la Zambia. A Kaunda anapita okha ku Shiwa Ng'andu kukalankhula, nduna za boma, mafumu, asilikali ndi anthu a m'midzi yozungulira anasonkhana, ndipo bokosi linakwezedwa pa phiri loyang'ana ku nyanja ija anaiona mu 1914, kumene anaikidwa ndi ulemu wa mfumu. Nyumba ija inatsala pang'ono kugwa m'zaka za m'ma 1990, koma adzukulu awo anaikonzanso, ndipo munda ukugwira nchito. Wocoka ku Lusaka amatsata Great North Road, kupitirira Kapiri Mposhi, Serenje ndi Mpika, n'kukhotera kumanzere asanafike ku Chinsali. Akafika n'kufunsa njira ya ku manda, afunse za Chipembele, pakuti ndilo dzina limene anthu a kumeneko amawadziwa nalo.